ANTHU AMENE ANALONDA NYENYEZI ZOYENDA

(Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi. Taisindikiza muno kuti amene sanaimve aiwerenge.)

 Usiku uno sitikamba za mizere kapena za nkhokwe iai. Tikamba za cinthu cimene ambiri a inu mwacionapo mutakhala pa bwalo madzulo, nsima isanapse: kanyenyezi kamene kamaturukira mbali yina ya thambo, nkumayenda mosaphethira pakati pa nyenyezi zinzace, kenaka nkuzima kokha kasanafike mbali yinayo. Ana amati ndi ndege. Akuru ena amangoti cete, nalowa m'nyumba. Kameneko si ndege, ndiponso si nyenyezi. Ndi makina amene anthu anawaponya kumwamba, ndipo alikuzungulira dziko lapansi monga umacitira mwezi. Dzina lace ndi satelaiti, koma ife muno tiziti timiyezi topanga anthu.

Za akatswiri amene anapanga timiyezi timeneti zalembedwa zambiri. Ine ndifuna kukusimbirani za anthu ena amene sachulidwa kawirikawiri: aphunzitsi, amakalaliki, amisiri, ana a sukulu ndi amai a pa nyumba. Iwowa sanapange kanthu, ndipo sanalandire ndi kobiri lomwe. Nchito yao inali kukwera pa madenga a nyumba m'mizinda, kuyang'ana kumwamba, ndi kulemba nthawi. Koma panali masabata ena m'caka ca 1957 pamene akatswiri a dziko lalikuru la America anadalira maso a anthu amenewa.

CIYAMBI CACE

M'zaka za m'ma 1950 anthu ophunzira a maiko 67 anapangana kuti athandizane kupima dziko lapansi, nyanja, mpweya ndi dzuwa kwa miyezi 18, kuyambira pa 1 July 1957 kufikira pa 31 December 1958. Mu July 1955 Boma la America linalengeza kuti pa nyengo imeneyo lidzaponya kamwezi kumwamba. Patapita masiku owerengeka a ku Russia anati iwonso adzacita comweco, koma mau ao anthu ambiri sanawasamale.

Tsono panali funso lobvuta. Kuponya cinthu kumwamba ndi nchito yina, kucipeza citafika kumeneko ndi nchito yinanso. Kamwezi kamene anafuna kuponya kanali kacing'ono ngati dzungu, koyenda pa mtunda wa mamailosi mazana angapo pamwamba pathu, ndiponso kothamanga mamailosi 5 pa sekondi imodzi. Ulendo wocokera ku Blantyre kufika ku Zomba, umene uli wa mamailosi ngati 40, kamwezi kotere kangauthe m'masekondi 8 okha. Inde, anati adzaikamo kawailesi kolira kuti azikamva pansi pano. Nanga kawailesiko katafa poponya paja? Ndalama zonse zikanangolowa m'madzi, pakuti kamwezi kamene simudziwa njira yace sikangakuphunzitseni kanthu.

Nchito yolonda timiyezi ndi maso inapatsidwa kwa Dr. Fred Whipple, mkuru wa nyumba yopima nyenyezi ya Smithsonian, imene inali mu mzinda wa Cambridge wa ku America, osati wa ku England uja. Iye anaitanitsa makamera akuruakuru 12, ochedwa Baker-Nunn, oti akaikidwe m'maiko osiyanasiyana, ndipo imodzi inadzaikidwa ku Olifantsfontein, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Kamera yotere inali yamphamvu ndithu, koma inafuna kuti wina ayambe waiuza pamene iyang'ane ndi nthawi yace. Inali ngati mfuti yabwino m'manja mwa mlenje: popanda wolondola mapazi, nyama simungaipeze.

Dr. Whipple anadziwa kuti m'mizinda muli anthu wamba amene amakonda kuyang'ana nyenyezi monga ena amakondera bawo kapena mpira. Comweco m'caka ca 1956 anawaitana anthu otere kuti apange magulu, ndipo nchitoyo anaicha Moonwatch, ndiko kunena kulonda mwezi. Akatswiri anzace ena anakaika. Anati anthu osaphunzira nchitoyo, osalipidwa, amene sungawalamule kapena kuwacotsa nchito, sangakhulupirike pa cinthu cofuna kusamala cotere. Whipple sanawamvere.

MPANDA WA MASO

Macitidwe ao anali otere, ndipo ndikupemphani kuti muchere khutu pano, cifukwa nzeru yonse ya nkhaniyi iri pamenepa.

Gulu limodzi linali la anthu khumi ndi awiri, kapena makumi awiri, kapena kuposerapo. Anali kupeza malo oonekera thambo bwino, nazikapo mlongoti wautali wokhala ndi mtanda pamwamba. Kenaka anali kundandalika timagome m'mzere umodzi wowongoka, wocokera kumpoto kupita kumwera, mlongoti uja uli pa mzere womwewo. Munthu aliyense anali ndi kagalasi kace koonera kutali. Kagalasiko sikanali kamphamvu iai, kanali kukuza cinthu kasanu ndi kamodzi cabe. Ubwino wace unali wakuti kanali kuonetsa dera lotambalala. Ambiri anali kupanga okha timagalasi timeneti. Ndiponso sanali kuyang'anitsa kumwamba, popeza khosi silingapirire maora awiri uli cagada. M'malo mwace anali kuwerama, kuyang'ana pa kalirole woikidwa pa gome, ndipo thambo linali kuoneka m'kaliroleyo.

Aliyense anapatsidwa cigawo cace ca thambo, colowererana pang'ono ndi ca mnzace wa kutsogolo ndi ca mnzace wa kumbuyo. Inu akuru amene munapitako ku uzimba mukumbukira mmene anthu anali kundandalikira kuti pasakhale mpata woti gwape nkupyola. Zinali comweco. Zigawo zonse pamodzi zinali kupanga mpanda wocokera kumpoto, kudzera pamwamba pa mitu yao, kufika kumwera. Kamwezi kalikonse kodutsa thambo la pamenepo kucokera kumadzulo kupita kum'mawa kanayenera kuboola mpanda umenewu, ndipo diso la munthu mmodzi linayenera kukaona. Lamulo lalikuru linali lakuti usasiye cigawo cako, ngakhale mnzako apfuule kuti waona. Ukadzutsa mutu kuti uoneko nawe, watsegula cipata.

Cotsatira cinali nthawi. Pambali panali wailesi yolandira kulira kwa wochi ya Boma, imene imagunda sekondi iriyonse, ndiponso makina ogwira mau. Munthu akaona kamwezi kalikulowa m'galasi mwace anali kupfuula, ndipo anali kupfuulanso pamene kafika pa mlongoti. Makina aja anali kugwira mau ace pamodzi ndi kugunda kwa wochi. Pambuyo pace mtsogoleri anali kubwereza makinawo, nawerenga masekondi, nalemba nthawi, malo ace a kamwezi pakati pa nyenyezi, ndi nambala ya gulu lace, natumiza telegalamu ku Cambridge usiku womwewo. Kumeneko anali kusonkhanitsa mau a magulu ambiri nawaika m'makina owerengera, ndipo makinawo anali kuturutsa njira ya kamwezi ndi kunena kumene kadzaonekere mawa.

Taonani tsono kuti kungonena kuti “ndaona” kunalibe nchito. Munthu wolakwitsa ndi sekondi imodzi anali atasoceretsa akatswiri ndi mamailosi 5. Cofunika cinali kunena kuti ndaona ndiri pakuti, nthawi yakuti, cinthuco ciri pafupi ndi nyenyezi yakuti. Inu amene mumasunga copimira mvula pa mudzi mudziwa kusiyana kwa munthu wonena kuti “yagwa yambiri” ndi munthu amene walemba tsiku ndi muyeso wace m'buku.

Popeza kumwamba kunalibe kamwezi koti aphunzirirepo, anali kuyeseza ndi zina. Ena anali kuponya timiyala pamwamba pa mtanda uja kuti anzao azolowere kupfuula msanga. Nthawi zina ndege yaing'ono inali kuuluka usiku irikukoka kanyali kozirala pa cingwe, ndipo magulu anali kuyesedwa ngati akaona. Anthu a m'mizindamo anali kuwaseka: amuna akuruakuru ndi amai a ulemu wao kukhala m'cisanu, kulonda cinthu cimene kulibe! Paja akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

UBWINO NDI KUIPA KWA MZINDA

Mwina mufunsa kuti bwanji nchito imeneyi inacitikira m'mizinda, kumene thambo silioneka bwino. Funso limeneli nloona. Mu mzinda muli magetsi a m'miseu, nyali za magalimoto ndi utsi wa mafakitale, ndipo zonsezi zimayeretsa thambo kotero kuti nyenyezi zazing'ono zimabisika. Munthu wobadwira pakati pa London kapena New York angathe kukula osauona mlalang'amba, umene mwana wa kumudzi amauona usiku uliwonse wopanda mwezi. Koma mu mzinda ndimo munali anthu ambiri okhala pafupi, munali magetsi oyendetsa makina ogwira mau, munali lamya ndi positi ofesi yotumiza telegalamu usiku, ndiponso munali masitoro, mabanki ndi masukulu ofuna kuthandiza ndi ndalama kapena kubwereketsa denga. Comweco anali kuthawa kuwala pokwera pamwamba. Ku New York gulu lina linakhazikika pa denga la nyumba yaitali kwambiri pakati penipeni pa mzindawo. Ku Albuquerque mphunzitsi wamkazi, Vioalle Hefferan, anapanga gulu la ana a sukulu yace, ndipo gulu limenelo linadzakhala limodzi la magulu okhulupirika koposa, kupambana magulu ambiri a anthu akuru.

Bvuto lina linali la nthawi. Kamwezi kalibe moto wace. Kamawala ndi dzuwa basi. Usana sikaoneka cifukwa thambo nloyera. Pakati pa usiku timiyezi ta pafupi timakhala mu mthunzi wa dziko lapansi. Nthawi yace ndi kacisisira, dzuwa litangolowa, ndiponso m'mbanda kuca. Mukakhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje madzulo mumaona kuti pansi pada kale koma nsonga ya phiri ikali yowala. Kamwezi kali ngati nsonga imeneyo, koma yaitali koposa. Ndico cifukwa cace kanyenyezi kaja kamazima pakati pa ulendo: sikanagwe iai, kangolowa mu mthunzi. Tsono alonda athuwa anali kudzuka tambala woyamba, kukakhala pa denga, kenaka nkutsika kupita ku nchito zao za masiku onse.

USIKU WA PA 4 OCTOBER 1957

Onse anali kuyembekeza kamwezi ka America. Koma Lacisanu pa 4 October 1957 wailesi ya ku Moscow inalengeza kuti dziko la Russia laponya kale kamwezi kace, dzina lace Sputnik. Kanali kobulungira, kacitsulo konyezimira, mainchesi 23 m'mimba mwace, ndi ndodo zinai za wailesi. Kulemera kwace kunali mapaundi 184, kucepera pang'ono pa thumba lija lakale la cimanga la mapaundi 200. Kanali kuzungulira dziko lonse lapansi m'mphindi 96.

Ku America kunagwa mantha. Masiku amenewo maiko awiriwa anali pa cidani cacikuru, ndipo aliyense anazindikira kuti roketi imene yanyamula kamwezi kufika kumwamba ingathenso kunyamula bomba kuoloka nyanja. Anthu anafuna kudziwa kuti cinthuco ciri pati, ndipo cidutsa liti pamwamba pa mzinda wao. Koma makamera akuru aja anali asanaikidwe m'malo mwao; yoyamba inali ikali ku fakitale ku California. Nyumba za wailesi zimene Boma linamanga zinakonzedwa kuti zizimva kamwezi ka America, ndipo Sputnik anali kulira pa muyeso wina, kotero kuti anayamba azisintha mofulumira. Amene anali okonzeka anali anthu osekedwa aja. Usiku womwewo a ku Cambridge anayamba kuimba lamya ndi kutumiza matelegalamu kwa atsogoleri a magulu kuti akwere pa madenga.

Masiku oyamba sanaone kanthu, popeza Sputnik sanali kudutsa pa America pa nthawi ya kacisisira. Magulu oyamba kuona anali a ku Australia, ku Sydney ndi ku Woomera, pa 8 October. Ku America gulu la mu mzinda wa New Haven linaona pa 10 October. Ndi mau ocepa otere akatswiri anayamba kuwerengera njira yace. Kamera yaikuru ija ya ku California inadzajambula cithunzi cace coyamba pa 17 October, itauzidwa poyang'ana.

Pano pali cinthu cimene anthu ambiri sacidziwa. Makamu a anthu m'mizinda ya dziko lonse lapansi anaturuka panja, naona nyenyezi yowala irikuyenda, nauza ana ao kuti aona Sputnik. Ambiri a iwo sanaone Sputnik mwini wace. Kamweziko kanali kozirala kwambiri, pa malire penipeni pa zimene diso lingaone kumalo a mdima, ndipo mu mzinda kanali kosatheka kukaona popanda galasi. Cimene anthu anaona cinali cigawo cotsiriza ca roketi imene inakanyamula, citsulo cacitali mapazi oposa 80, cimene cinalowa m'njira yomweyo ndi kumazungulira naco. Nchito yina ya alonda inali kusiyanitsa ziwirizi, ndipo pa ici mpamene panaonekera kusiyana kwa munthu wongoyang'ana ndi munthu wolonda.

Kawailesi ka Sputnik kanalira masabata atatu, kenaka mabatire anatha. Kuyambira pamenepo cinthu cija Whipple anaopa cinacitikadi: kamwezi kanakhala duu, ndipo makutu analibenso nchito. Roketi ija inagwa nipsa mu mpweya kuciyambi kwa December 1957, ndipo Sputnik anapsa pa 4 January 1958.

Pa 3 November 1957 a ku Russia anaponya Sputnik waciwiri, wamkuru koposa, m'mene munali galu wamkazi dzina lace Laika. Galuyo anafa ndi kutentha patangopita maora owerengeka, ngakhale kuti zoona zace zinabisidwa zaka zambiri. Kamwezi kameneka kanali kowala, koonekera ndi m'mizinda momwe, ndipo alonda anakatsata miyezi isanu. Usiku wa pa 13 kucera pa 14 April 1958 magulu a kum'mawa kwa America anakaona katafiira, kalikukoka mcira wa moto, ndipo patapita mphindi zocepa anthu a pa zisumbu za Caribbean ndi a m'zombo anakaona kalikusweka. Pamene kamwezi kalikugwa njira yace imasintha ora ndi ora, kotero kuti makamera akuru amalephera kukatsata. Pamenepo maso ambiri omwazikana ndiwo anali kuthandiza.

KU JONI NDI KWINA

A ku America anaponya kamwezi kao koyamba, Explorer, pa 31 January 1958, ndipo pa 17 March anaponya Vanguard, kolemera mapaundi atatu okha. Njira za timiyezi tiwiriti sizinali kupitirira kwambiri kumpoto kapena kumwera, comweco maiko a kuno kwathu anakhala ofunika. Ku South Africa kunali magulu a Moonwatch ku Cape Town, ku Pretoria, ku Bloemfontein, ku Port Elizabeth, ndi ku Johannesburg, mzinda umene ambiri a inu mumaudziwa ndi dzina lakuti Joni. Pa zaka zomwe zija abale athu anali kutsika m'migodi ya kumeneko, pamwamba pa mzinda womwewo panali anthu ena olonda thambo. Ku Japan kunali magulu oposa 70. Pofika m'caka ca 1958 magulu onse pamodzi anaposa 200, ndipo anthu ace anali zikwi zingapo.

Kodi zonsezi zinapindula ciani? Coyamba, poona mmene timiyezi tinali kutsikira pang'onopang'ono, akatswiri anapeza kuti mpweya wa kumwamba kwenikweni ngwocuruka kuposa mmene anali kuganizira, ndiponso kuti umafufuma dzuwa likakhala laukali, nuphwa likafatsa. Caciwiri, poona mmene njira za timiyezi zinali kupotokera, anapima bwino maonekedwe a dziko lapansi, limene siliri lobulungira kwenikweni, koma lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kumwera. Ku England katswiri wina, Desmond King-Hele, anagwiritsa nchito kwa zaka zambiri nthawi zolembedwa ndi anthu wamba oyang'ana kuseri kwa nyumba zao.

Pa 12 August 1960 a ku America anaponya Echo, cibaluni conyezimira ca mapazi 100 m'mimba mwace, cimene cinali kuyenda pa mtunda wa mamailosi ngati 1,000. Ici cinali cowala kotero kuti sicinafune galasi, ndipo manyuzipepala a m'mizinda yambiri anali kusindikiza nthawi yace yodutsa. Cinali kudutsanso pamwamba pa dziko lathu lino kufikira pamene cinapsa mu May 1968. Agogo amene amanena kuti anaona nyenyezi yoyenda masiku a citaganya, kapena pa zaka zoyamba za ufulu wathu, musawatsutse.

Ndikuuzeni ya ku Manitowoc, popeza njokoma. Mu May 1960 a ku Russia anaponya combo coyesera, cimene anthu anacicha Sputnik wacinai. Pofuna kucitsitsa cinalakwa, cinakwera m'malo motsika. Patapita zaka ziwiri a ku Cambridge anacenjeza magulu kuti ciri pafupi kugwa, ndipo gulu la mu mzinda wa Milwaukee linacezera. M'mbanda kuca pa 5 September 1962 anaona moto ulikugawikana m'thambo, nalemba nthawi ndi mbali imene unalowera. M'mawa womwewo apolisi awiri a m'tauni ya Manitowoc, kumpoto kwa Milwaukee, anapeza citsulo ca mapaundi 20 citalowa m'phula pakati pa mseu. Iwo anayesa cagwa pa lole ya ku fakitale, nangocikankhira pambali. Atamva nkhani ya moto uja ndipo anabwerera kukacitola. Akatswiri atacipima anabvomereza kuti cinacokeradi kumwamba, ndipo pambuyo pace cinabwezedwa kwa eni ace a ku Russia. Pa malo pamene cinagwera anaikapo mphete ya mkuwa mu mseu.

ANA A SUKULU A KU KETTERING

Si onse anali kulonda ndi maso. M'tauni ya Kettering ku England mphunzitsi wina, Geoffrey Perry, anali kumvera timiyezi ta ku Russia pamodzi ndi ana a sukulu yace, pa wailesi yakale yotsala pa nkhondo. Anali kulemba tsiku ndi tsiku nthawi imene kulira kwayamba ndi imene kwaleka. M'caka ca 1966 anaona kuti kamwezi kena, Cosmos 112, kali ndi njira yosagwirizana ndi malo amene a ku Russia anali kuponyera masiku onse. Atalondola njira za timiyezi tingapo pa mapu, anapeza kuti zonse zikumana pa malo amodzi kumpoto kwa Russia. Kumeneko kunali Plesetsk, bwalo lacinsinsi loponyera maroketi, limene Boma la Russia silinabvomere poyera kufikira m'caka ca 1983. Zida za anawo zinali zachipa, koma buku lao linalembedwa mosadumpha tsiku.

KUTHA KWA MOONWATCH

Cidwi ca anthu sicikhalitsa. Zaka zoyamba zitapita ambiri anatopa, magulu anacepa, ndipo mpanda wa maso uja unasiyidwa, popeza njira za timiyezi zinali kudziwika kale ndipo munthu mmodzi waluso anali kukwanira. Otsalawo anali owerengeka koma odziwa nchito koposa. Makina atsopano atacuruka, a Smithsonian anatseka Moonwatch m'caka ca 1975, atalandira malipoti ngati 400,000. Ine ndiyesa kuti anthu amenewa sanathokozedwe mokwanira. Pamene anali kufunika anachedwa anzao a akatswiri. Pamene makina anafika anangouzidwa kuti zikomo, pitani bwino.

Koma ena sanapite. Boma la America litaleka kulengeza njira za timiyezi tace taukazitape m'zaka za m'ma 1980, anthu wamba a maiko osiyanasiyana anayamba kutifunafuna okha. Wina wochuka mwa iwo ndi Ted Molczan, amene anali kuyang'ana ali pa khonde la nyumba yosanja pakati pa mzinda wa Toronto ku Canada, ndi magalasi a m'manja ndi wochi, monga anali kucitira a Moonwatch. M'caka ca 2010 asilikari a ku America anaponya kandege kacinsinsi kopanda munthu, kochedwa X-37B, osanena njira yace. Pasanathe mwezi wathunthu anthu wamba anakapeza. Ndipo pamene kanasintha njira nkusowa, amene anakapezanso anali Greg Roberts wa ku Cape Town. Mabomawo sakondwera nazo, koma palibe lamulo loletsa munthu kuyang'ana kumwamba. Mu May 2019 kampani ina itaponya timiyezi 60 ta Starlink nthawi imodzi, Marco Langbroek anatijambula ali mu mzinda wa Leiden ku Holland, tirikuyenda m'mzere umodzi ngati ngolo za sitima ya pamtunda. Amene anaona mzere wotere osadziwa anacita mantha, monga anacitira anthu a m'caka ca 1957.

Tsopano timiyezi tiripo zikwizikwi, ndipo inu a kumudzi muli ndi cimene alonda a m'mizinda aja anali kucisowa, ndico mdima. Mukafuna kuona, turukani patapita ngati ora limodzi dzuwa litalowa, kapena ora limodzi lisanaturuke, pa tsiku lopanda mitambo, makamaka mvula itatsuka pfumbi ndi utsi wa lupsa. Khalani kutali ndi moto, ndipo maso ayambe azolowera mdima. Ndege imaphethira ndi nyali zofiira ndi zobiriwira, ndipo kawirikawiri mumamva kulira kwace. Nyenyezi yothothoka imang'anima kamodzi nkutha. Kamwezi kamayenda cete, ndi kuwala koyera, ndipo kamatenga mphindi zingapo kuoloka thambo. Mukaona kowala kwambiri, kofanana ndi Nthanda koma koyenda, kocokera ca kumadzulo kupita ca kum'mawa, kawirikawiri imeneyo ndi nyumba yaikuru ya m'mlengalenga imene maiko angapo anamanga pamodzi. Kukula kwace nkofanana ndi bwalo la mpira, iri pa mtunda wa mamailosi ngati 250, ndipo kuyambira mu November 2000 mwakhala muli anthu. Vanguard uja wa mapaundi atatu, amene anaponyedwa mu 1958, akali komweko, koma ameneyo musabvutike kumfuna, pakuti ndi maso okha saoneka.